Ndende ya Dachau sadaimange mobisa

Pa 20 Malichi 1933 mkulu wa apolisi mumzinda wa Munich m'dziko la Germany, Heinrich Himmler, adaitanitsa atolankhani. Adawauza kuti boma likutsegula msasa wosungiramo akaidi andale kufupi ndi tauni ya Dachau, ndipo kuti malowo ngokwana anthu 5,000. M'mawa mwake nkhaniyo idatuluka m'nyuzipepala monga momwe imatulukira nkhani yotsegulira msika kapena mlatho. Anthu adagula nyuzipepalazo, kuwerenga, n'kupita kukatsegula masitolo awo. Pa 22 Malichi akaidi oyamba adafika.

Ndayamba ndi masiku amenewa mwadala, abale anga. Ambirife tikamva za Adolf Hitler ndi chipani chake cha Nazi timathamangira kumathero a nkhani, komwe kuli milu ya mitembo, utsi wa ng'anjo ndi Ayuda 6 miliyoni omwe adaphedwa. Zonsezo n'zoona ndithu. Koma munthu akayendera ndende ya Dachau ndi wina womufotokozera, chomwe chimamusowetsa tulo ndi chiyambi chake. Idayamba masanasana, ndi pepala losainidwa mu ofesi, anthu akuona.

Ndidapitako pomwe ndidali pa kaulendo ka masiku ochepa ku Munich. Si kutali ayi. Ndi makilomita pafupifupi 16, ngati kuchoka mu Blantyre kupita ku Chileka. Umakwera sitima kwa mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono, n'kutsika pa siteshoni ya Dachau, kenaka basi nambala 726 imakakutula pakhomo penipeni. Kulowa n'kwaulere. Ukafuna wokuyendetsa ndi kukufotokozera umapereka kangachepe, ndipo ulendo wake ngwa maola awiri ndi theka, wapansi, kuzizire kusazizire. Pagulu lathu tidalipo anthu oposa 20 a mitundu yosiyanasiyana. Yemwe adatitsogolera adali mayi wina wachikulire wa konko, wolankhula Chingerezi modekha ngati mphunzitsi wa Sitandade 8 wofuna kuti ndi wakumbuyo yemwe amve.

Dachau payokha ndi tauni yokongola, yakale zaka zoposa 1,200, yokhala ndi nyumba yachifumu pamwamba pa kaphiri, ndipo kale inkatchuka ndi akatswiri ojambula zithunzi. Basi ija imadutsa pakati pa nyumba za anthu, ana akupalasa njinga zawo. Nyumba zina zidachita kuyandikana ndi mpanda wa ndende.

Lamulo lidatsogola

Mayi uja sadatilowetse msanga. Adatiimika kunja kwa chipata n'kuyamba kutiwerengera masiku. Hitler adakhala mtsogoleri wa boma pa 30 Januwale 1933, osati ndi mfuti, koma atasankhidwa ndi pulezidenti Paul von Hindenburg motsata malamulo a dzikolo. Pa 27 Febuluwale nyumba ya malamulo ku Berlin idapsa. Tsiku lotsatira boma lidatulutsa lamulo ladzidzidzi lomwe ati lidali loteteza anthu ndi dziko. Lamulolo lidaimitsa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wa nyuzipepala, ndipo lidatsegulira apolisi njira yotsekera munthu popanda kumutengera kukhoti, popandanso kumuuza tsiku lotuluka. Kutsekera kotereku adakupatsa dzina lokoma, Schutzhaft, kutanthauza kusunga munthu pofuna kuteteza. Tamvani dzinalo!

Pa chisankho cha pa 5 Malichi chipani cha Nazi chidapeza mavoti osakwana 44 pa 100 alionse. Sichidafike ndi theka lomwe. Koma pomwe aphungu amakumana pa 23 Malichi kuti apatse Hitler mphamvu yopanga malamulo payekha, aphungu onse 81 achikomyunisiti mudalibe m'nyumbamo. Ena adali m'chitokosi, ena adali atathawa. Aphungu 94 okha a chipani cha Social Democratic ndiwo adakana. Pofika mu Julayi chaka chomwecho dziko la Germany lidali la chipani chimodzi. Werengani nokha: kuchoka Januwale kufika Julayi ndi miyezi 6 basi.

Choncho oyamba kulowa ku Dachau adali nzika za dzikolo zotsutsana ndi boma: achikomyunisiti, a Social Democratic, atsogoleri a mabungwe a anthu apantchito, atolankhani ndi maloya. Malowo adali fakitale yakale ya wonga ndi zipolopolo yomwe idatsekedwa nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha.

Pachitseko chachitsulo cha pachipata pali mawu atatu, Arbeit macht frei, kutanthauza kuti ntchito imamasula munthu. Chomwe tidadutsapo ife n'chosula chatsopano. Chenichenicho akuba adachizula usiku mu Novembala 2014, chidakapezeka ku Norway mu 2016, ndipo tsopano chili m'galasi m'nyumba yachionetsero. Ukangodutsa pachipatapo umatulukira pabwalo lalikulu lothiridwa timiyala, loti n'kuseweramo mipira ingapo nthawi imodzi. Gulu lathu, lomwe m'basi limacheza bwinobwino, lidangoti zii. Chomveka chidali timiyala tokha kunsi kwa nsapato.

Nyumba yaitali ya kudzanja lamanja ndiyo adaisandutsa yachionetsero. Chipinda choyamba n'chomwe ankalandiriramo akaidi atsopano. Munthu ankafika ndi suti yake, wotchi, mphete yaukwati ndi chithunzi cha ana m'thumba. Zonsezo ankazisiya pathebulo, n'kuvula mpaka kukhala mbulanda. Kenaka kumumeta thupi lonse, kumusambitsa, kumuponyera yunifolomu yosayang'ana saizi, n'kumupatsa nambala. Kuyambira pamenepo dzina lake latha. Pakhoma pakadali malemba akale oletsa kusuta fodya.

Pafupi ndi nambalayo ankasokapo kansalu ka makona atatu. Kofiira kadali ka andale, kobiriwira ka omwe adapalamulapo milandu wamba, kapinki ka amuna ogonana ndi amuna anzawo, ka mtundu wa maluwa a jakaranda ka a Mboni za Yehova. Kakuda kadali ka anthu omwe boma lidati ngopanda pake m'tauni: opemphapempha, osowa pogona, malova, ndiponso nthawi zambiri anthu a mtundu wa Sinti ndi Roma. Myuda ankamuonjezera kachikasu kuti tiwirito tipange nyenyezi. Mu Novembala 1938, a Nazi atatentha masunagoge ndi kuphwanya masitolo a Ayuda m'dziko lonse, amuna achiyuda oposa 10,000 adabwera nawo kuno. Mukuona momwe mndandanda umakulira? Udayamba ndi otsutsa boma, n'kukafika mpaka kwa wopemphetsa wa pakhonde la sitolo.

Loya mmodzi

Masabata oyamba ndendeyi idali m'manja mwa apolisi wamba. Kenaka idaperekedwa kwa a SS, gulu la chipani lokhala ndi mfuti ndi yunifolomu yakeyake, lomwe bwana wake adali Himmler yemwe uja. Sipadapite masiku. Pa 12 Epulo 1933 a SS adaitana akaidi anayi achiyuda, kuwatengera kumitengo n'kuwaombera. Mayina awo ndi Rudolf Benario, Ernst Goldmann, Arthur Kahn ndi Erwin Kahn. Arthur Kahn adali wophunzira zaudokotala wa zaka 21. Erwin Kahn adali wamalonda wa mu Munich, ndipo adakamwalirira kuchipatala patapita masiku ochepa. Lipoti la a SS lidati adawaombera akuthawa.

Apa ndi pomwe mayi uja adachedwapo, ndipo nanenso ndichedwapo. Nthawi imeneyo makhoti adali akugwirabe ntchito. Loya wa boma, Josef Hartinger, adapita kundendeko ndi dokotala wopima mitembo, Moritz Flamm. Adaona kuti mabala a zipolopolo adali kunkhongo. Imfa zidapitirira m'masabata otsatira, uyu ati wadzimangirira, uyu ati amathawa. Hartinger adasonkhanitsa umboni, ndipo pa 1 Juni adalemba zikalata zoimba mlandu mkulu wa ndendeyo, Hilmar Wäckerle, ndi anzake. Himmler adakakamizika kumuchotsa Wäckerle pampando. Koma mafailo aja adakamira m'maofesi a akuluakulu, mlandu sudalowe m'khoti, ndipo Hartinger adamusamutsira kwina. Mafailowo adadzapezeka nkhondo itatha n'kukhala umboni pa milandu ya ku Nuremberg. Mlandu suola, inde, koma uwu udadikira zaka 12, ndipo m'zaka zimenezo anthu 41,500 adafera ku Dachau ndi m'nthambi zake.

Taganizani, loya mmodzi ndi dokotala mmodzi adagwetsa mkulu wa ndende. Nanga akadakhalapo 50?

M'malo mwa Wäckerle mudalowa Theodor Eicke, yemwe adalemba malamulo a zilango ndi kusandutsa Dachau kukhala sukulu ya alonda. Kuno n'komwe ankaphunzitsa anyamata kuti kumvera mkaidi chisoni ndi kufooka. Rudolf Höss adayambira pano mu 1934, ndipo mu 1940 adali mkulu wa ndende ya Auschwitz m'dziko la Poland, komwe kudaphedwa anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo Ayuda. Mayi uja adatsindika kusiyana kwake. Ku Treblinka ndi ku Auschwitz-Birkenau anthu ambiri ankaphedwa tsiku lomwe afika. Ku Dachau ankawathyola pang'onopang'ono ndi ntchito, njala ndi ndodo. Koma Dachau ndiyo idali nazale ya zinazo, ndipo ndiyo yokha idagwira ntchito zaka zonse 12 za ulamuliro wa Nazi.

Pabwalo la timiyala lija ndi pomwe ankachitira foleni m'mawa ndi madzulo. Nambala ikapanda kukwana, palibe kuchoka. Womwalira usiku ankamunyamula kubwera naye pamzere kuti awerengedwe. Mu Januwale 1939, kutachitika kuthawa, ndende yonse idaima pabwaloli usiku wonse m'chisanu choumitsa madzi, ndipo ena adagwa n'kufera pomwepo. Ine ndidali ndi jekete yochindikala ndi nsapato zabwino, koma pasadathe mphindi 10 ndidali nditayamba kale kupondaponda.

Nyumba zazitali za matabwa zidalipo 34, ndipo akaidi eni ake ndiwo adazimanga mu 1937 ndi 1938. Zonse zidagwetsedwa. Ziwiri zokha adazimanganso kuti anthu aone, zotsalazo ndi maziko a konkire okhala ndi manambala, mizere iwiri, pakati pali msewu wa mitengo italiitali. Nyumba imodzi adaikonzera anthu 200, koma pofika 1945 mwina munkagona mpaka 2,000. Mabedi ake ndi mashelefu a matabwa osanjikiza patatu, ngati mosungira katundu m'sitolo ya holoselo.

Chodabwitsa n'chakuti nkhanza zambiri zinkabisala m'dzina la ukhondo. Bedi losayalidwa moongoka ngati rula, kadontho pa mbale, batani losowa pa malaya, zonsezi zidali milandu. Chilango chake zikoti 25, munthu atamugoneka pa kathebulo ka matabwa, iye mwini akuwerenga mokweza m'Chijeremani. Akasokoneza, ayambirenso. China chidali kumumanga manja kumbuyo n'kumupachika kwa ola lathunthu, mapazi osagunda pansi. Ntchito yambiri yoyang'anira akaidi ankaipereka kwa akaidi anzawo otchedwa kapo, anyapala tingatero, omwe ankapatsidwa ndodo ndi chakudya chochulukirapo. Ena adagwiritsa ntchito udindowo populumutsa anzawo. Ena adaposa ndi a SS omwe kuipa mtima.

Kuseri kwa nyumba yachionetsero kuli ndende ya mkati mwa ndende, yomwe ankaitcha Bunker. Ndi khonde lalitali, tizipinda mbali zonse ziwiri. Muno ndi momwe adakhala miyezi yake yomaliza Georg Elser, kalipentala wamba yemwe payekha adatchera Hitler bomba m'holo ina yomweramo mowa ku Munich. Pa 8 Novembala 1939 Hitler adatuluka m'holoyo kutatsala mphindi 13 kuti bomba liphulike. Elser adamupha kuno pa 9 Epulo 1945, kutatsala masiku 20 kuti ndende imasulidwe.

Madigiri ndi malungo

Inu ophunzira, gawo ili ndi lanu. Ine sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira, choncho anthu a madigiri ndimawapatsa ulemu wawo. Koma ku Dachau madigiri adagwira ntchito yoopsa. Dr Sigmund Rascher ankamiza akaidi m'madzi ozizira ngati ayisi kuti aone kuti woyendetsa ndege wogwera m'nyanja angakhale moyo nthawi yaitali bwanji. Ena ankawatsekera m'chipinda chochotsedwa mpweya. Pulofesa Claus Schilling, katswiri wa matenda a m'maiko otentha yemwe adagwirapo ntchito ku Togo muno mu Africa, adali nkhalamba ya zaka 70 yopuma kale pantchito. Kuyambira mu 1942 adapatsa dala malungo akaidi oposa 1,000, ena powabaya jekeseni, ena powamangirira kabokosi ka udzudzu pathupi. Malungo omwewa, omwe inu ndi ine tikudziwa kuphwanya kwake m'thupi. Pa mlandu wake Schilling adapempha khoti kuti limulole kumaliza kulemba zotsatira za kafukufuku wake. Adanyongedwa mu 1946. Bambo ameneyu mayeso ake onse adakhoza.

Tikutsika ndi msewu wa mitengo uja, mayi adatiimika pa maziko nambala 26, 28 ndi 30. Umu munkakhala ansembe ndi abusa oposa 2,700, ambiri a Katolika ochokera ku Poland, ndipo oposa 1,000 sadatuluke amoyo. Kumapeto kwa msewuwo tsopano kuli matchalitchi achikumbutso a Katolika ndi a Chipulotesitanti, malo achikumbutso a Ayuda, ndi nyumba ya masisitere a Carmel yomwe khomo lake lidachita kuboola kunsi kwa nsanja ya alonda.

Ukakhotera kumanzere n'kuoloka kamlatho, kudutsa ngalande ndi waya waminga yemwe kale adali wamagetsi, umafika pamalo a mitengo ndi maluwa, okongola ngati paki. Apa ndi pomwe pali nyumba zootchera mitembo. Yoyamba, ya mu 1940, idachepa, ndiye adamanga yaikulu mu 1942 ndi 1943 yokhala ndi ng'anjo zinayi. Mayi uja adatifotokozera zonse tili panja, n'kunena kuti iye mkatimo salankhulamo, ndipo kuti yemwe sakufuna kulowa asadzikakamize. Awiri atatu adatsala panja.

Mkatimo umadutsa chipinda chovulira, kenaka chitseko cholembedwa pamwamba kuti Brausebad, kutanthauza bafa la shawa. Denga lake n'lalifupi, lili ndi malo a mashawa abodza omwe sadatulutsepo madzi. N'chipinda chomwe adachimangira kuphera anthu ndi mpweya wapoizoni. Pa nkhani ya chipindachi mayi uja adali atasamala mawu kwambiri. Adati akatswiri a mbiri yakale sadapeze umboni woti mudaphedwa anthu miyandamiyanda monga ku Auschwitz, ngakhale ena opulumuka adachitira umboni kuti timagulu tochepa tidaphedwamo. Sikuti a SS adagwidwa chisoni ayi. Akaidi oposa 2,500 odwala ndi ofooka adawatumiza ku Hartheim m'dziko la Austria kukaphedwa ndi mpweya komweko, ndipo asilikali a Soviet Union oposa 4,000 ogwidwa kunkhondo adawaombera ku Hebertshausen, makilomita awiri kuchokera pandendepo. Kusamala kwakeko kudandigwira mtima. Pamalo otere kabodza kakang'ono kokometsera nkhani kamapatsa mpata anthu aja amati zonsezi sizidachitike.

Ankaphika buledi ndani?

Tsopano kwa inu ageni ndi amasitolo. Mnyamata wina pagulu lathu adafunsa funso lomwe tonse tidali nalo: kodi anthu a m'tauni ankadziwa? Yankho lake lili m'mabuku a malonda. Fakitale ya wonga ija itatsekedwa, Dachau idadzaza ndi malova, ndipo mu 1933 akuluakulu a tauni adailandira ndendeyo poyembekeza kuti ibweretsa ntchito ndi makasitomala. Ndende imadya buledi, imafuna nyama, matabwa, malasha ndi mayendedwe. Wina ankapereka zimenezo n'kulemba lisiti. Chakum'mawa kwa mpanda kudali munda waukulu wa zitsamba ndi zokometsera ndiwo womwe akaidi ankalima, ena akukoka pulawo ngati ng'ombe, ndipo padali kasitolo pomwe anthu wamba ankagulapo za m'mundamo.

Nkhondo itakula, Dachau idabala nthambi 140. Makampani ankabwereka akaidi n'kumalipira a SS pa mutu uliwonse patsiku, mkaidi osaona ndi khobidi lomwe. Ku Allach, kufupi ndi Munich, akaidi masauzande ankapanga mainjini a ndege a BMW, kampani yomweyi ya galimoto zomwe timazisirira mumsewu, ndipo kampaniyo idavomera poyera mbiri imeneyi. Akaidi ankayenda pamizere m'misewu ya tauni kupita kuntchito, atavala zamizeremizere, anthu ali pamakomo.

Omasulidwa m'zaka zoyamba ankasainira kuti sakanena kanthu kunja. Koma munthu wobwera ndi mutu wometa, woonda, wosafuna kuyankha funso, adali atanena kale zonse. Boma linkafuna kuti anthu adziwe pang'ono, zongokwanira kuti achite mantha. Adalipo ena m'tauni omwe ankaponyera akaidi buledi mobisa, ndipo pa 28 Epulo 1945 kagulu ka nzika ndi akaidi othawa kadalanda ofesi ya tauni, anthu 6 n'kuphedwa. Koma ambiri adasankha geni ndi mtendere wa pakhomo pawo.

Sindikuti wogulitsa buledi ngofanana ndi woombera mfuti. Ndikuti ndende ya anthu masauzande singayende sabata imodzi popanda wogulitsa buledi, dalaivala, kalaliki ndi wosindikiza mafomu.

Pa 26 Epulo 1945 a SS adatulutsa akaidi oposa 7,000 n'kuwayendetsa wapansi kulowera kumwera, ofooka akuwaombera m'mbali mwa msewu, m'midzi ya anthu. Asilikali a America adafika pa 29 Epulo. Asadalowe n'komwe adapeza sitima ya mabogi pafupifupi 40 yochokera kundende ya Buchenwald, muli mitembo yoposa 2,000. Mkati mwa mpanda adapeza amoyo pafupifupi 32,000, ambiri akudwala typhus, matenda ofala ndi nsabwe. Malasha ootchera adali atatha, mitembo ili milumilu. Asilikali ena ataona izi adaombera alonda a SS omwe adali atagonja kale, ndipo mayi uja sadabise zimenezo. Kenaka adatenga anthu a m'tauni kudzaona ndi maso awo. Ambiri adati sankadziwa. Chikhalirecho m'zaka 12 anthu oposa 200,000 ochokera m'maiko oposa 40 adali atadutsa pandendeyi ndi m'nthambi zake.

Musaganize kuti chikumbutso chidabwera chokha. Mu 1948 boma la Bavaria lidasandutsa nyumba za akaidi zija kukhala msasa wa Ajeremani othawa kwawo ochokera kum'mawa, ndipo mabanja adakhalamo zaka zoposa 15. Mu 1955 mkulu wina wa dera la Dachau adapempha kuti nyumba yootchera mitembo igwetsedwe. Ambiri ankafuna kuiwala, ati zakale zisiyeni. Ndi opulumuka eni ake, kudzera m'bungwe lawo la Comité International de Dachau, omwe adalimbana mpaka malo achikumbutsowa adatsegulidwa mu 1965, patatha zaka 20. Ndi iwo omwe adapunthwa penapake. Pa chipilala cha mu 1968 chomwe chili pabwalo la foleni pali zizindikiro za makona atatu za mitundu yosiyanasiyana, koma zakuda, zobiriwira ndi zapinki palibe. Ngakhale pakati pa ozunzidwa padali ena oonedwa ngati osayenera kuwakumbukira. Lero ana asukulu amabwera ndi aphunzitsi awo, ndipo tsiku limenelo tidakumana ndi makalasi angapo.

Nanga kwathu?

Nkhani ya kansalu ka a Mboni ndi ya msasa wa othawa kwawo idandikumbutsa kumudzi, ndipo ndinena mosamala. Kuno kudalibe ng'anjo kapena chipinda cha mpweya, ndipo yemwe angafananitse zathu ndi kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni akunyoza akufa a mbali zonse ziwiri. Koma chida choyamba chija, chotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, tidali nacho. Ku Dachau wa Mboni ankatha kumasulidwa atangosaina pepala lokana chipembedzo chake, ndipo ambiri adakana kusaina. Kuno a Mboni za Yehova, omwe ankakana kugula khadi la chipani, adaletsedwa mu 1967. Mu 1972 masauzande adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo m'zaka zotsatira ambiri adatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Mu 1994 Dzaleka idasanduka msasa wa othawa kwawo, monga zidachitikira ku Dachau mu 1948. Mlakatuli Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Mwana wa Fomu 4 akamva dzina la Dzaleka lero, kodi amadziwa chomwe malowo adali poyamba? Adzamuyendetsa ndani n'kumuonetsa kuti apa ndi pomwe ankachitira foleni, pomwe eni nkhani akutha ndi ukalamba?

Chomwe ndidatengako ku Dachau ndi ichi, abale anga. Nthawi yoletsa ndende yotere ndi sabata yoyamba, pomwe otsekeredwa ndi anthu omwe simugwirizana nawo: a chipani chomwe mumadana nacho, a mpingo womwe umakugogoderani pakhomo Loweruka m'mawa, kapena opemphetsa omwe amatchinga sitolo yanu. Pa nthawi imeneyo khoti likadali lotsegula, nyuzipepala ikutulukabe, ndipo sizifuna mtima wa mkango kufunsa kuti munthuyu mlandu wake n'chiyani, nanga aonekera liti kukhoti. Malamulo oyendetsera dziko lathu amati womangidwa aonekere kukhoti pasadathe maola 48. Mukamva kuti wina wapitirira maola amenewo ali m'chitokosi, kaya ndi mdani wanu, funsani. Ajeremani ambiri a mu 1933 adati izo n'za achikomyunisiti, ife tili pageni. Akuluakulu adanena kale kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Hartinger adafunsa ali ndi dokotala mmodzi yekha pambali pake, n'chifukwa chake kudali kosavuta kumusamutsa.